Cheke cha bambo wa makatani

...komanso wakuba angasenze makatani? Apa ndi pomwe maganizo a mayi a pa dirayi amafika n'kuima, kenako n'kubwereranso mmbuyo ngati munthu woiwala makiyi, chifukwa wakuba amabwera chimanjamanja, amabwera kudzatenga, sabwera atasenza katundu mpaka thukuta kulowa m'kolala ya shati, uku akupepesa kuti ndakudetserani pansi amayi. Makatani ake ndi awo ali pakona apo, mulu wofika m'chiuno, ena ofiirira ena obiriwira, fumbi lake loti ukangodutsa pafupi wayetsemula. Ndipo cheke chake chili mu dilowa, pansi pa kamakina ka khadi, chagona chafufumimba ngati mwana wokwiya.

Shopu yawo ndi yochapa ndi kusita zovala, anthu amangoti pa dirayi, ndipo bamboyo anayamba wabwera dzana kudzafunsa mtengo. Wa tayi, nsapato zowala, mawu ofewa ngati akuopa kudzutsa khanda. Anati amayang'anira loji ina kunja kwa tauni yomwe yangosintha eni, nde eni atsopanowo akufuna makatani onse achapidwe alendo asanayambe kubwera, ndipo ntchito ikakoma ndiye kuti mwezi ndi mwezi — mashiti, matawulo, nsalu za patebulo, zonse kuno. Mwezi ndi mwezi. Mawu amenewa amayi anagona nawo, anadzuka nawo, anatsuka nawo mkamwa. Nde lero mmawa watulukira ndi makataniwo pamodzi ndi envulopu, akuti akauntanti walemberatu cheke kuti musavutike kutidikira. Iwo nthawi imeneyo anali pa beseni akulimbana ndi kolala ya shati yoyera ya kasitomala wina, manja ali jiki yekhayekha, anangopukuta pa epuloni mwachangu n'kulandira ndi manja awiri, kusolola chekecho pang'ono, kuona kuti ee ndi cheke, dzina la shopu lilipo, n'kuchiponya mu dilowa msangamsanga ngati chikuwotcha. Zikomo bambo, zikomo kwambiri. Ndalama yake sanawerenge n'komwe.

Sanawerenge chifukwa iwo cheke sawerenga pamaso pa mwini wake, ndi lamulo lawo limenelo, lakalekale.

Foni inalira bamboyo atapita, makina aakulu atangoyamba kuzungulira.

"Amayi, pepani, pachitika kachisokonezo pang'ono."

Akauntanti, akuti, waphatikiza ndalama yawo ndi ya mmisiri wokhoma zitsulo za makatani, zonse pa cheke chimodzi, ana a masiku ano ntchito foni ili kukhutu. Nde mmisiriyo ali pa loji pomwepo ndi anthu ake, sanalipidwe, akuti sachoka. Kodi amayi sangathandize, angotumiza yapamwambayo pa foni ku nambala ya mmisiriyo madzulo asanaweruke, poti cheke chonsecho ndi chawo kale, akachisiya ku banki basi zatha? Ndipo anaseka pang'ono, kaseko kamanyazi, ka munthu amene akupempha chinthu chomwe sanafune kupempha.

"Ndamva bambo," anatero amayi. "Ndiona."

Atatsegula dilowa n'kuchitembenuza ndi nsonga ya chala anaona kuti zoona, yapamwambayo ilipo, ndipo si yochepa — pafupifupi yofanana ndi lendi ya shopu yomwe ili mu foni mwawo kudikira alandilodi kumapeto kwa sabata ino. Kupatula imeneyo mu foni mulibe china. Akatumiza, cheke n'kukhala chabwino, lendi ibwerera ndipo mwezi ndi mwezi uja wayamba. Akatumiza, cheke n'kukhala pepala wamba, alandilodi sadziwa nthabwala, anakhomapo kale loko pa chitseko cha wosoka nsapato wina zipangizo zonse zili mkati, mpaka nsapato za eni ake. Anachigonekanso chafufumimba n'kutseka dilowa ndi ntchafu.

Nde anangotenga simbi n'kuyamba kusita, poti amati manja akamagwira ntchito mutu umachita manyazi kulongolola. Koma wawo ulibe manyazi kkkk, unangodikira kuti amalize dzanja limodzi la shati basi wayamba, ndipo unayambira pomwe umayambira nthawi zonse, pa nkhope ya malemu amuna awo.

Kale, shopu isanakhalepo, amayi akuchapabe pamanja kuseri kwa nyumba, malemu anali atangotsegula akaunti n'kupatsidwa kabuku ka macheke, ndipo munthu uja anakondwa ngati amupatsa ofesi yokhala ndi mpando wozungulira. Anali kalipentala chabe, koma sabata yonse anakhalira kuyeserera siginecha pa nyuzipepala zakale, siginecha yokhala ndi mchira wautali wopindika kumapeto ngati wa khoswe, ati mchirawo ndi umene umasonyeza kuti munthu ali ndi ndalama. Tsiku lokagula makina ochapira oyamba anavala jekete dzuwa likuswa mtengo, n'kuwatenga amayi kuti akaone ndi maso. Analemba cheke pa kauntala pang'onopang'ono, lilime lili panja, mchira uja n'kuukoka bwinobwino mpaka kumapeto kwa pepala. Mwini sitolo anachitenga ndi zala ziwiri. Anayang'ana cheke, anayang'ana nsapato za malemu, anayang'ananso cheke, kenako anapita pakhomo n'kuchikweza kudzuwa anthu onse m'sitolo akuona, kuchitembenuza uku ndi uku, kuitana mnzake kuti tabwera udzaone, mnzakeyo n'kuchikanda ndi chikhadabo. Malemu anangoima akumwetulira. Kumwetulira kumeneko ndi komwe amayi sakuiwala mpaka lero, kunangouma pankhope pang'onopang'ono ngati sopo wosatsukuluza. Chekecho chinali chabwinobwino, makina anabwera, ndi omwe anabereka shopu yonseyi — koma kabuku kaja kanalowa m'sutikesi osatulukanso, ndipo mchira wa khoswe sunaonekenso pena paliponse, munthu anayamba kusayina dzina lokha, laling'ono, ngati mwana wa sukulu woopa kudzaza pepala.

Nde amayi analumbira chamumtima kuti ine munthu sindidzamukwezera pepala lake kudzuwa.

Chonsecho ntchito yawo yonse ndi yokweza zinthu kudzuwa. Shati iliyonse, diresi iliyonse, isanalowe m'pulasitiki imayamba yapita pa zenera lalikulu loyang'ana kumsewu, lija limalowa dzuwa la madzulo, chifukwa banga limanama mumthunzi koma padzuwa limaulula, ngakhale ulichotse bwanji limasiya kamzukwa kake, kamalo kotuwa pang'ono kuposa nsalu yonse. Akweza mabuluku a maloya pa zenera limeneli, akweza madiresi a akwatibwi, akweza zinthu zina zoti eni ake atadziwa sangadutsenso msewu uno. Koma cheke ayi. Ngakhale za khadi, a ku banki atabweretsa kamakina kaja anangoti munthu akamalemba pini muziyang'ana kumbali, koma iwo amatembenuka thupi lonse, kuyang'ana khoma ngati mwana wolangidwa m'kalasi, mpaka kasitomala kumati ndamaliza kalekale amayi, tembenukani. Mwana wawo amati tsiku lina mudzatembenuka n'kupeza makina apita, kauntala yapita, ndi khoma lomwe mumayang'analo lapita.

Cha kumasana a Lezala, ometa a khomo loyandikana, anasuzumira ndi kapu yawo ya tiyi monga amachitira akasowa mutu woti amete. Mkuluyu imvi zili mbuu koma amawatchula amayi kuti apongozi, ati akudikira mwana wawo wamkazi amalize sukulu.

"Apongozi, lero mwatola bwana wa tayi."

"Ndi kasitomala."

"Galimoto ija ndi ya hayala. Dalaivala wake ndimameta ine."

"Nde a hayala sanyamula anthu abwino?"

"Ine ndangoti ndi ya hayala." Anamwako tiyi akuyang'ana mulu uja. "Mundisungireko katani imodzi, ndikufuna suti ya ukwati."

Anapita akuseka okha, n'kusiya mawu aja ali pakati pa shopu ngati nsapato yosowa mwini. Ya hayala. Nde bwanji? Loji yosintha eni mwina galimoto inapita ndi eni akale, mwina ili ku galaja, mwina bamboyo sanafune kudzaza fumbi m'galimoto yake, ndani angafune — ndipo a Lezala nawonso, munthu amene amakayikira ngakhale kalilole wake yemwe, akanakhala iwo bwenzi chekecho atachinunkhiza, atachiluma pakona. Taona mmene poizoni amalowera, amayi anadziuza uku akupanikiza simbi pa kolala mopitirira, munthu wabwera ndi ulemu wake, wakupatsa ntchito, wapepesa fumbi, iwe dzuwa lisanapendeke wamusandutsa kale mbava chifukwa cha galimoto. Mwini sitolo uja nayenso anayambira pa nsapato.

Anaimika simbi n'kupita pa mulu uja, ati kukasankha oyamba kuchapa, ati. Katani ndi nsalu, nsalu ndi yololedwa kuiyang'ana, lamulo silikhudza pamenepo. Anatambasula imodzi, kenako ina, kenako anapezeka atagwada pansi makatani ali mbali zonse ngati akugulitsa. Katani yomwe yakhala pazenera imadziwika, dzuwa limaidya mizeremizere motsata mapindo, mbali yoyang'ana kunja imatuwa, mmunsi mumada ndi madzi okolopera. Awa ena anali nayo mizereyo, ena analibe. Fungo lawo silinali la chipinda chogona anthu, la sopo, la fodya, la mafuta odzola, ayi, linali fungo la thumba, la zinthu zomwe zapanikizana nthawi yaitali pamdima, fungo lomwe aliyense wogulapo chovala chakale pamsika amalidziwa. Ndiye kutalika kwake, iyi yofika pansi, iyi yolekeza m'mawondo, iyi ya ngowe, iyi ya mabowo azitsulo, panalibe ziwiri zoti unganene kuti ndi za zenera limodzi. Loji yanji ya mazenera osiyana ngati mano a nkhalamba?

Koma zilipo. Iwo omwe anachapirapo nyumba ina ya alendo yomwe chipinda chilichonse anamanga chaka chakechake, ndalama zikapezeka, zenera lomwe lapezeka lotchipa ndi lomwelo, makatani ake ukawayanika pachingwe umaganiza kuti ndi mbendera za mayiko. Ndipo loji ikatsekedwa kudikira wogula, makatani amawatsitsa n'kuwaika m'matumba, nde fungo la thumba lichokere kuti ngati si m'thumba? Zonse zili ndi yankho lake. Chomwe chimawatopetsa n'chakuti yankho lililonse limabwera ndi mng'ono wake kumbuyo, atagwira malaya. Wakuba angasenze makatani? Angasenze, ngati makatani a pamsika ali otchipa kuposa lendi ya shopu. Nyambo nayonso anthu amagula.

Anadzuka, mawondo akudandaula, n'kusamba m'manja nthawi yaitali kuposa mmene fumbilo limafunira.

Mwana wawo ali ku koleji, ndipo ndi amene sankafuna kumufunsa, chifukwa mtsikana uja akayamba kulangiza umaiwala kuti anabereka mnzake ndani. Nde analemba mochenjera, ndi chala chimodzi, kuti pali mnzanga wina wapatsidwa cheke chopitirira mtengo ndi bambo wina wa ku loji, akuti abweze yapamwamba pa foni, kaya zimenezi zimatheka.

Yankho linafika foni asanaiike n'komwe pansi.

"Mnzanu uti amayi? Anzanu onse ndimawadziwa."

Kenako mavoisi, kutsatizana ngati anapiye. Amayi anaika foni pa tebulo lositira n'kumamvera uku akuyang'ana kwina ngati akunenedwa ndi munthu wina. Musatumize kanthu amayi, ngakhale kakang'ono. Cheke si ndalama, ndi lonjezo chabe, ku banki chimatenga masiku, ndipo ngakhale zioneke ngati zalowa mu akaunti angathe kudzazichotsanso akapeza kuti n'chabodza, nthawi imeneyo yanu ija inapita kalekale, nambala yazimitsidwa. Munthu akamati lero lomwe, pompano, madzulo asanafike, changu chimenecho ndi chomwe akugulitsa. Mukafuna kufunsa ku loji kapena ku banki musaimbe nambala yomwe wakupatsani iyeyo, akayankha ndi mnzake. Nde mumuuze mnzanuyo — apa mtsikana anatsokomola dala — angonena kuti bambo tengani cheke chanu mubweretse china cholondola, basi, munthu woona sakwiya nazo zimenezo.

Munthu woona sakwiya. Ee, sakwiya. Amamwetulira. Mwanayu tsiku lija anali asanabadwe, sakudziwa kuti mawu akuti mubweretse china ndi opepuka pa voisi, koma uwanene kwa munthu wamoyo, wa tayi, amene wakutchula amayi kuyambira dzana, amatuluka atavala zina, amatuluka akuti ndayang'ana nsapato zanu bambo.

Panatsala voisi imodzi, yaifupi.

"Komanso amayi, anthu amenewa amachapa macheke. Amaba chenicheni, cha siginecha yeniyeni, n'kufufuta dzina ndi ndalama ndi mankhwala, chikauma n'kulembapo zawo. Mungochikweza pa kuwala muone ngati pali potuwa. Zotuwa si ndi zanu zomwe?"

Amayi anazimitsa foni. Choyamba anamva ngati atukwanidwa, kuchapa ndi ntchito ya ulemu, anthu asamaitengere kulikonse. Kenako anaona m'maganizo bambo wa tayi atapinda manja a shati, atagwada pa kabeseni, akufikisa cheke modekha, kuchitsukuluza, kuchiyanika pachingwe ndi mapegi pamodzi ndi anzake, kumayang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula kkkk, ndipo anaseka okha m'shopu mpaka kugwira tebulo. Koma kusekako kunathera panjira. Anayang'ana manja awo. Mmawa uja, pa beseni, kolala yoyera, jiki — anapukuta pa epuloni inde, koma kupukuta kwa changu, ndipo jiki sachoka ndi epuloni, epuloni yomweyo ili mawangamawanga chifukwa cha iye. Chekecho anachigwira ndi chala chonyowa. Nde akachikweza n'kupeza potuwa, potuwapo ndi pa ndani? Pa wakuba, kapena pa chala chawo? Akhala ataswa lumbiro lawo, atamuweruza munthu, chifukwa cha chidindo cha chala cha iwo eni. Ndipo akapanda kupeza kalikonse sizitanthauzanso kanthu, mwina anachapa ndi katswiri, kuli anthu odziwa ntchito kunja kuno. Ngakhale dzuwa lero lilibe yankho, nde kulivutitsiranji.

Makina aakulu anamaliza kuzungulira n'kulira kakulira kawo. Amayi anatulutsa mashiti a anthu, anayanika, analowetsa ena, anathira sopo. Kunabwera namwino wina kudzatenga mayunifomu ake, analipira ndi khadi, amayi anatembenukira kukhoma monga mwa masiku onse, ndipo ali chiyang'anire khomalo anadzifunsa koyamba chiyambire kuti kodi kumbuyo kwanga kukuchitika chiyani, n'kuchita manyazi pompo, chifukwa namwinoyu amabwera kuno chiyambire ali pa sukulu ya unamwino. Ndi zimenezi zomwe amadana nazo. Kukayikira sikukhala pomwe wakuika, kuli ngati utoto wa nsalu yofiira m'makina, kumalowa zonse, mpaka zoyera za anthu osalakwa.

Uthenga wa bambo uja unalowa dzuwa litapendeka. Nambala ya mmisiri, ndipo pansi pake, "Amayi mkulu uja wayamba kutukwana. Ndikudalira inu."

Ndikudalira inu. Ndani anawauzapo mawu amenewa posachedwapa? Alandilodi sadalira, amangobwera. Mwana amadalira koma sanena, amangotumiza kuti amayi bando yatha. Anakhala pa sitululu, foni m'manja, n'kuganiza za bamboyo ali pakati pa bwalo la loji, tayi atamasula, mmisiri akumuloza chala anthu akuonerera, iye akumwetulira, akuti dikirani pang'ono, amayi aja ndi munthu wabwino, atumiza. Ndipo chala chawo chinayamba chokha. Chinatsegula potumizira ndalama, chinalemba nambala ija mosamala, kubwereza kawiri, chinalemba ndalama, foni inafunsa ngati akutsimikiza, inafunsa pini.

Apa amayi anatembenukira kukhoma.

Anatembenuka ndithu, thupi lonse, pamodzi ndi sitululu, kuthawa pini yawo yomwe, m'shopu mulibe munthu kkkk, chizolowezi chilibe nzeru. Anazindikira okha zomwe achita koma sanaseke, anangokhala choncho foni ili pamiyendo, akuyang'ana khoma lija amaliyang'ana tsiku ndi tsiku osaliona. Pamenepo ndi pomwe pankakhala makina oyamba aja, a cheke cha mchira wa khoswe. Makinawo anafa kalekale, anatengedwa ndi ogula zitsulo, koma pakhoma panatsala malo ake, bokosi lotuwa pakati pa penti yakuda ndi nthunzi, loonekeratu kuti apa panali chinthu. Malemu ndi amene anawakankhira pamenepo, n'kuika timatabwa pansi kuti asamavine akamazungulira. Munthu uja za tsiku la m'sitolo sananenepo kanthu mpaka kumwalira, ngakhale kamodzi, ndiye kuti lumbiroli sanapemphe ndi iye, amayi anangolisoka okha n'kumuveka. Ndipo iye mwini thabwa lililonse asanagule ankaligogoda, kuliika padiso kuona ngati lapindika, kulinunkhiza kumene, wogulitsa ataima pomwepo, palibe thabwa linakwiyapo. Koma munthu si thabwa. Koma cheke si munthu. Koma amene wachibweretsa ndi munthu, ndipo akuona — ayi, sakuona, ali ku loji, kunja kwa tauni.

Atayang'ana pamiyendo foni inali itazima yokha, yatopa kudikira. Ndalama ili momwemo. Kuyambiranso ndi kosavuta, nambala ilipo, chala chilipo.

Dzuwa linali litafika pa zenera lalikulu, lachikasu, lopendekeka, lija limaonetsa fumbi likusambira mumpweya. Nthawi yokweza zovala. Anatenga shati yoyera ya mmawa ija, yauma tsopano, n'kuikweza ndi manja awiri, ndipo kolala inali mbee, mwini wake adzasangalala, koma iwo anakaona kamzukwa kake pomwe panali banga, katalikatali motsata khosi, kotuwa pang'ono chabe, koti wina aliyense sangakaone. Anaikoleka pa hang'ala. Anakweza diresi ya buluu, bwinobwino. Anakweza buluku, bwinobwino. Manja anazolowera njira yake, kutenga, kukweza, kukoleka, kutenga, kukweza, nde zovala zitatha manja sanauzidwe kuti zatha, anangopitirira, kutsegula dilowa, kusuntha kamakina ka khadi.

Lumbiro limati pamaso pa mwini wake. Mwini wake palibe. Anadabwa kuti tsiku lonse sanauone mpata umenewu, ndipo anachita nawo manyazi pang'ono, ngati munthu wolowera pawindo m'nyumba yake yomwe. Anapukuta zala pa siketi, osati pa epuloni, chimodzichimodzi, n'kuchigwira m'mbali mwenimweni ngati chithunzi cha ukwati.

Chinali chopepuka moti manja anakwera msanga kuposa mmene amafunira.

Padzuwa pepala linasanduka lina, linayera mkati ngati khutu la mwana, timizere take tating'ono tonse tinatuluka, tobiriwira, toluka ngati nsalu yabwino. Siginecha inali pansi apo, yothamanga, ya munthu wozolowera kusayina, yopanda mchira. Pakona ya kumanja panali kamalo kotuwa, kozungulira, kukula kwake ngati chala chachikulu, ndipo ameneyo anamudziwa pompo, ndi wawo, moni chala changa, mtima unatsika mpaka anamva mapewa akumasuka. Basi ndi zimenezi. Ndi jiki wa mmawa.

Kenako anaona ena.

Anali pansi pa dzina la shopu, pamzere wolembapo wolandira, ndipo sanali ozungulira. Anali aatali, opyapyala, oyenda motsata mzerewo kuyambira chilembo choyamba mpaka kupitirira chomaliza, kupitirira ndithu, ngati dzina lomwe linagona pamenepo kale linali lalitali kuposa lawoli. Timizere tobiriwira pamenepo tinali tofooka, ngati kapeti ya pakhomo. Chala sichitalika choncho. Koma — mmawa anachisolola mu envulopu, anasolola, ndipo chala chonyowa chikamasolola chimakwekwereza, chingathe kusiya mzere, chingathe, kaya anagwira pamenepo kaya anagwira mmunsi, anayesa kukumbukira dzanja lawo la mmawa koma chomwe chinabwera ndi zikomo bambo, zikomo kwambiri, ndi maso awo akuthawira pansi. Anachisendeza pafupi ndi galasi, anapendeketsa mutu kuti aone ngati pa ndalama paliponso.

Kuwala kunachoka pa pepala.

Osati konse, pakati pokha, mthunzi unalowa kuseri kwa cheke n'kuima, wa mapewa ndi mutu, ndipo amayi asanasunthe maso anadziwa kale. Anayang'anira pamwamba pa pepala. Kunja kwa galasi, pa khonde, pafupi moti akanatha kuwerenga madontho a pa tayi, panaima bambo wa makatani, amene amayenera kukhala ku loji akutukwanidwa, foni ili m'manja, tayi ili bwinobwino pakhosi. Anayang'ana cheke, anayang'ana amayi. Ankamwetulira.

M'shopu makina ankazungulira modekha, kwa a Lezala wailesi inkaimba chapansipansi. Amayi anamva mawu akukwera okha kukhosi, pepani bambo, ndimangoona chabe, ndipo anamva kuti manja akuyenera kutsika tsopano, pompano, chekecho chibisike kumbuyo ngati mwana wakuba shuga. Koma manja anakhala momwemo, mmwamba, pepala lili pakati pa nkhope ziwirizo, potuwa paja pali ndendende pa mlomo wa bamboyo. Iwo amadziwa mmene kumwetulira kwa munthu wolakwiridwa kumaumira, anakuonapo, kumayambira m'mbali mwa maso. Nde anangoima, akuyang'ana m'mbali mwa maso ake, kudikira kuti kuyambe.